Kuunika zachilengedwe pa ntchito za misewu m'chigwa cha Chilwa

Kuunika zachilengedwe pa ntchito za misewu ndi kafukufuku amene amachitika msewu usanamangidwe kapena kukulitsidwa, pofuna kudziwa mmene ntchitoyo ingakhudzire madzi, nthaka, mitengo, nyama ndi moyo wa anthu okhala m'mbali mwa msewuwo. M'Malawi udindowu unagawidwa pawiri. Mphamvu yovomereza kapena kukana ntchito zikuluzikulu ili m'manja mwa bungwe la boma la Malawi Environment Protection Authority, lodziwika mwachidule kuti MEPA. Makhonsolo amaunika ntchito zing'onozing'ono, amasonkhanitsa maganizo a anthu, ndipo amayendera malo amene ntchito ikuchitika. Kugawana kotereku kunakhazikika ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya mu 1998. Dera la kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba, ndi limodzi mwa malo amene nkhaniyi ili yofunika kwambiri, chifukwa misewu yake imadutsa m'chigwa chosefukira madzi komanso m'mphepete mwa dambo lotetezedwa ndi pangano la mayiko.

## Malamulo

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a mu 1994, m'gawo 13, amapatsa boma udindo wosamalira chilengedwe kuti chisawonongeke ndiponso kuti mibadwo yam'tsogolo idzapindule nacho. Chaka chomwecho boma linalemba dongosolo loyamba la dziko lonse losamalira chilengedwe, ndipo mu 1996 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Environment Management Act. Lamuloli ndi limene linakakamiza kuti ntchito zina za chitukuko ziziunikidwa zisanayambe. Mu 1997 nthambi yoona zachilengedwe, ya Environmental Affairs Department, inatulutsa malangizo ofotokoza mmene kuunikako kuyenera kuyendera.

Mu 1998 boma linavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono. Zimenezi zinapereka ku makhonsolo ntchito zina zomwe kale zinkayendetsedwa ndi maunduna, kuphatikizapo kusamalira chilengedwe ndi kukonza misewu ya m'madera. Kuchokera pamenepo maboma anayamba kukhala ndi mlangizi wa zachilengedwe wa pa boma ndi komiti yake, ndipo anayamba kulemba malipoti a mmene chilengedwe chilili m'boma lililonse.

Lamulo la mu 1996 linalowedwa m'malo ndi lina la dzina lomwelo mu 2017. Lamulo latsopanoli linakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo linanena momveka kuti kafukufuku aziona chilengedwe pamodzi ndi moyo wa anthu: malo awo, minda yawo, thanzi lawo ndi njira zawo zopezera ndalama.

## Misewu ndi eni ake

Amene amaunika msewu amadziwika poyamba ndi mtundu wa msewuwo. Misewu ya m'Malawi inagawidwa m'magulu: ikuluikulu yokhala ndi chilembo cha M, yachiwiri ya S, yachitatu ya T, ya m'maboma ya D, ya m'mizinda, ndi ya m'midzi yomwe yambiri ilibe nambala. Magulu atatu oyambawo amayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006 pamodzi ndi la Roads Fund Administration, losunga ndalama za misewu zochokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto ndi njira zina. Misewu ya m'maboma, ya m'mizinda ndi ya m'midzi ili pansi pa makhonsolo.

Ku Zomba kuli makhonsolo awiri: ya mzinda ndi ya boma. Midzi ya m'mphepete mwa Nyanja ya Chilwa ili pansi pa khonsolo ya boma la Zomba.

## Mmene kuunika kumayendera

Pa msewu waukulu, mwini ntchito, amene kawirikawiri amakhala Roads Authority, amatumiza ku MEPA chikalata chachidule chofotokoza ntchitoyo: kumene msewu udzadutse, kutalika kwake, kumene miyala ndi dothi zidzachokere. Akatswiri amaona ngati ntchitoyo ikufunika kafukufuku wathunthu kapena dongosolo lochepetsera chiwonongeko lokha. Kafukufuku akafunika, pamalembedwa mfundo zoti atsatire, ndipo mwini ntchito amalemba akatswiri apadera ndi kuwalipira yekha.

Akatswiriwo amayendera dera, amakumana ndi mafumu ndi anthu okhudzidwa, kenaka amalemba lipoti lotchula zoopsa zomwe zingabwere ndi njira zozichepetsera. Lipotilo limaunikidwa ndi akatswiri a nthambi zosiyanasiyana za boma. MEPA ikhoza kulivomereza, kulibweza kuti likonzedwe, kapena kukana ntchitoyo. Ikavomereza, imapereka chiphaso chokhala ndi mfundo zoti kontrakitala atsatire. Lamulo sililola nthambi ina ya boma kupereka chilolezo ku ntchito yofunika kuunikidwa chivomerezochi chisanatuluke.

Pamene ndalama zikuchokera ku mabungwe akunja monga World Bank kapena African Development Bank, pamakhalanso mfundo za mabungwewo, makamaka zokhudza kusamutsa anthu ndi chipukuta misozi.

## Gawo la khonsolo

Pa khonsolo, ntchitoyi imagwiridwa ndi komiti yoona zachilengedwe yotchedwa DESC, imene ili pansi pa komiti yaikulu ya akuluakulu a nthambi za boma yotsogozedwa ndi bwanamkubwa. Mu DESC mumakhala alangizi a zachilengedwe, zankhalango, zaulimi, zausodzi, zamadzi, zaumoyo ndi zomangamanga. Pansi pake pali makomiti a chitukuko a m'dera la mfumu yaikulu, otchedwa ADC, ndi a m'dera la gulupu, otchedwa VDC. M'madera a kunyanja mulinso makomiti a asodzi a pa doko.

Khonsolo ili ndi ntchito zitatu zazikulu. Yoyamba ndi kuunika ntchito zake zing'onozing'ono, monga kulambula msewu wa dothi, kuika makalavati kapena kumanga mlatho waung'ono. Alangizi amapita pamalo ndi fomu ya mafunso: kodi msewu ukudutsa m'dambo, kodi pagwetsedwa mitengo, kodi pali manda, chitsime kapena munda wa munthu. Njirayi inafala kudzera mu ntchito za MASAF, zomwe zinayamba mu 1995, ndi ntchito zina zolipira anthu a m'midzi polambula misewu. Fomu ikaonetsa chiopsezo chachikulu, nkhaniyo imatumizidwa ku MEPA.

Yachiwiri ndi kuthandiza pa misewu ikuluikulu. Khonsolo imaitanitsa misonkhano ya anthu, imathandiza kuwerengera nyumba, mitengo ndi minda zimene ziyenera kulipiridwa, ndiponso imalandira madandaulo. Yachitatu ndi kuyendera kontrakitala kuti ione ngati akutsatira zimene zinalembedwa. Komabe chiphaso cha msewu waukulu sichichokera ku khonsolo. Mphamvu imene inatsikira ku maboma ndi yoona, kumva ndi kuchenjeza, pamene yogamula inatsala ku likulu.

## Chigwa cha Chilwa

Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula m'Malawi. Ndi yosaya, ya madzi amchere pang'ono, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi: chilichonse cholowamo, kaya ndi matope kapena mafuta a makina, chimatsalira momwemo. Imakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo mbali yake ya kum'mawa ili m'malire ndi dziko la Mozambique. Kumadzulo imalandira madzi ochokera ku phiri la Zomba ndi mapiri oyandikana nalo kudzera m'mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Thondwe.

Mu 1996 nyanjayi ndi dambo lake, malo okwana mahekitala 224,800, zinakhala malo oyamba a m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika deralo pa mndandanda wa malo osungirako zamoyo amene anthu amaloledwa kukhalamo ndi kupezamo zosowa zawo. M'dambomo mumapezeka mbalame za mitundu yoposa 150, zina mwa izo zochokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia. Nsomba zodziwika ndi matemba, makumba ndi milamba.

Madzi a nyanjayi sakhala pamodzimodzi. Zaka za mvula yambiri amafika m'minda, ndipo zaka za chilala amathawira kutali. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasandukanso matope ouma. Malo amene chaka china ndi ouma moti ngolo ndi njinga zimadutsapo, chaka china amayendamo mabwato.

Anthu a m'madera a mafumu Mwambo ndi Kuntumanji, komanso a pa chilumba cha Chisi kwa mfumu Mkumbira, amadalira usodzi ndi ulimi, makamaka wa mpunga m'madambo ndi m'masikimu a Likangala ndi Domasi. Doko lodziwika kwambiri ku mbali ya Zomba ndi Kachulu, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda. Pa dokoli m'pamene anthu amakwerera mabwato opita ku Chisi, ndipo nsomba zambiri zopita m'misika ya Zomba ndi Blantyre zimanyamukira pomwepo. Misewu ikuluikulu ya m'chigwachi ndi M3, wochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba kupita ku Liwonde, ndi msewu wa tala wa Zomba–Jali–Phalombe–Chitakale, wotalika makilomita pafupifupi 100, umene kumanga kwake kunatenga zaka zoposa 10. Misewu yambiri yopita m'midzi ndi m'madoko ndi ya dothi.

## Zimene zimaunikidwa

Nkhani yoyamba m'chigwa chotere ndi njira ya madzi. Msewu wodutsa m'dambo umakwezedwa ndi dothi kuti usamire, choncho umasanduka khoma. Makalavati ndi milatho zikachepa, madzi amaima kumtunda n'kumiza nyumba ndi minda, pamene kumunsi mpunga umasowa madzi. Khoma lomwelo lingatseke njira imene matemba ndi milamba zimadzera pokwera m'mitsinje kukaswana nthawi ya dzinja. Madziwe otsalira m'mitsinjeyi ndi amenenso amasunga nsomba nyanja ikaphwa, ndipo ndi mmene mbewu ya nsomba imachokera madzi akabwerera.

Nkhani yachiwiri ndi nthaka. Ngalande za m'mbali mwa msewu zimasonkhanitsa madzi pamalo amodzi, ndipo zikathira m'munda popanda chotchinga zimakumba zigwembe. Dothi lokokoloka limathera m'mitsinje, m'ngalande za masikimu ndi m'nyanja imene ili kale yosaya. Maenje okumbamo dothi ndi miyala akasiyidwa osakwirira amadzaza madzi, amaswetsa udzudzu ndi nkhono za likodzo, ndipo ana akhoza kumiramo.

Palinso za anthu: malo ndi mitengo yolipiridwa, manda ofunika kuwalambalala kapena kuwasamutsa mwaulemu mogwirizana ndi mafumu, fumbi, ngozi pafupi ndi sukulu ndi misika, ndiponso matenda opatsirana pogonana pamene antchito ambiri abwera m'dera. Kutunga madzi ambiri mumtsinje pomanga msewu kumafuna chilolezo pansi pa lamulo la madzi la mu 2013. Msewu wabwino umasinthanso malonda: umachepetsa nsomba zowonongeka panjira ndipo odwala amafika msanga kuchipatala, koma umafewetsanso ntchito ya ogula makala, nkhuni ndi mbalame za m'dambo.

## Ubwino ndi zovuta

Ogwirizana ndi kupereka mphamvu zambiri ku makhonsolo amanena kuti anthu a m'deralo ndi amene amadziwa pamene madzi anafika mu chigumula cha mu 2015 kapena pa namondwe wa Freddy mu 2023. Katswiri wobwera m'chilimwe akhoza kuona khwawa louma n'kulipatsa kalavati yaing'ono, pamene nyakwawa ya pamalopo ikudziwa kuti mu February pamadutsa mtsinje. Amanenanso kuti mlangizi wa pa boma angathe kuyendera ntchito kawirikawiri kusiyana ndi wochokera ku Lilongwe, ndipo ntchito zazing'ono sizichedwa podikira yankho la kulikulu.

Okayikira amatchula zinthu zitatu. Choyamba, makhonsolo amakhala ndi akatswiri ochepa ndi ndalama zochepa zoyendera. Chachiwiri, pa misewu yake khonsolo imakhala mwini ntchito komanso woiunika, pomwe anthu, makhansala ndi aphungu akufuna msewu msanga. Chachitatu, madzi salabadira malire a maboma: chimene chachitika mumtsinje wa ku Zomba chimakhudza msodzi wa ku Machinga ndi wa ku Phalombe, ndipo udindo wa pangano la Ramsar uli pa boma la dziko lonse. Mphamvu ku anthu nayo yakhala ikuyenda modukizadukiza. Makhansala oyamba anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo makhonsolo anakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha mu 2014.

## Kuyerekeza ndi dziko la America

Dziko la United States of America, lomwe lili ndi ulamuliro wa feduro, linapita patsogolo pa nkhaniyi. Lamulo la National Environmental Policy Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 1970, limafuna kuti nthambi za boma lalikulu ziziunika ntchito zawo, kuphatikizapo misewu yomangidwa ndi ndalama za bomalo. Mu 2005 kunakhazikitsidwa njira yoyesera yolola maboma a zigawo kutenga udindowu kuchokera ku nthambi ya Federal Highway Administration. California ndiyo inayamba mu 2007, ndipo mu 2012 njirayo inakhazikika n'kutsegukira zigawo zonse. Texas, Ohio, Florida, Utah, Alaska ndi Arizona zinalowanso pambuyo pake.

Kumeneko chigawo chimalandira mphamvu yogamula, koma chiyenera kusaina mgwirizano, kusonyeza kuti chili ndi antchito ndi ndalama zokwanira, kulola kufufuzidwa ndi boma lalikulu, komanso kuvomera kuzengedwa milandu m'makhothi a feduro chikalakwitsa. Malawi si dziko la feduro, ndipo makhonsolo ake amagwira ntchito ndi mphamvu zimene Nyumba ya Malamulo yawapatsa. Pa msewu waukulu wodutsa m'chigwa cha Chilwa, woyankha pa chigamulo ndi MEPA, pamene khonsolo ya boma la Zomba ndi mafumu ndiwo amalandira madandaulo madzi akasefukira m'midzi.

## Onaninso

* Nyanja ya Chilwa
* Boma la Zomba
* Mphamvu ku anthu
* Pangano la Ramsar