Nyali imene inaphunzira kutchula dzina lake

Mukaima pamchenga wa ku Senga Bay usiku wopanda mwezi, nyanja imaoneka ngati mudzi waukulu wayandama pamadzi. Ndi nyali za asodzi a usipa, zili ngwee kuyambira kufupi ndi chilumba cha Namalenje mpaka kumene maso alekezera. Zonse n'zofanana. Tsiku lina mnyamata wina wapadoko, amene anaonapo pakanema nsanja za nyali zotsogolera sitima zapamadzi, anandifunsa kuti: "Bambo, nyali yozungulira ija ikamang'anima pa masekondi 10 alionse kwa munthu amene ali pafupi, kodi amene ali kutali amadikira nthawi yotalikirapo?" Yankho la funso limeneli ndilo linapatsa nyali zapadoko ntchito yake yeniyeni, ndipo mbiri yake imandikoka mtima.

Kwa zaka pafupifupi 2,000, nyali yapadoko inali moto basi. Cha m'ma 280 Yesu asanabadwe, mafumu a ku Egypt anamanga nsanja ya Pharos padoko la Alexandria, yotalika mamita oposa 100, ndipo pamwamba pake ankasonkhapo moto. Aroma anatengera nzeruyo, mayiko a ku Ulaya nawo anapitiriza ndi nkhuni, malasha ndi makandulo. Koma moto wosaphethira uli ndi vuto limodzi: sunena kuti ndine yani. Woyendetsa chombo ankatha kuona kuwala kumtunda osadziwa ngati ndi doko limene akufuna, doko lina, kapena moto wa pakhomo pa munthu.

Zinthu zinatembenuka mu 1781 ku Sweden. Mmisiri wina dzina lake Jonas Norberg anaika nyali yozungulira pa linga la Carlsten, ku Marstrand. Makina ake ankayenda ngati a wotchi yaikulu: chitsulo cholemera chimatsika pang'onopang'ono n'kumazunguza nyali, mlonda n'kumachikwezanso chikafika pansi. Kuwala kukamazungulira chonchi, munthu wapanyanja amakuona kokha pamene kwaloza kwa iye, kenako mdima, kenako kung'anima kwina. Nsanja ina ikapatsidwa masekondi 10, ina 15, ina kung'anima kawiri motsatizana, ndiye kuti iliyonse yapeza dzina. Woyendetsa sitima amawerenga masekondiwo, n'kuyang'ana pa mapu ake, n'kudziwa pamene ali.

Nzeru yonseyi yatsamira pa mfundo imodzi, imene mnyamata uja ankafunsa. Zikanakhala kuti mtunda umasintha nthawi ya pakati pa kung'anima ndi kung'anima, dzinalo likanakhala labodza: nyali imodzi ikanamveka mosiyana kwa sitima iliyonse. Koma sizili choncho. Taganizani za mayi akusinja kutsidya kwa dambo. Mumaona munsi wagwa, kugunda kwake n'kumveka pambuyo, chifukwa phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Komabe kugunda kulikonse kumachedwa mofanana ndi kunzake, choncho kasinjidwe kamene mukumva ndi komweko kamene mayiyo akusinja. Kuwala nakonso n'chimodzimodzi, kungoti kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kwa bwato limene lili makilomita 30 kuchokera kumtunda, kumafika patapita gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi, ndipo kung'anima kotsatira kumachedwanso chimodzimodzi. Nyali ikazungulira kamodzi, wapafupi ndi wakutali onse yawadutsa kamodzi.

Chimene mtunda umasintha ndi mphamvu ya kuwala. Wakutali amaona kadontho kofooka, ndipo kung'animako kumaoneka kwachidule chifukwa diso limangogwira pakati penipeni pamene pali powala kwambiri. Akapitirira, nyali imabisika chifukwa dziko ndi lozungulira. Koma malinga ngati akuiona, masekondi ake ndi omwewo.

Mabuku ambiri amapereka ulemu wonse kwa Augustin Fresnel wa ku France, ndipo sindikumukana. Iye anapanga galasi la mizeremizere losonkhanitsa kuwala kumene kunkamwazika, ndipo mu 1823 linaikidwa pa nsanja ya Cordouan. Anamwalira mu 1827 ali ndi zaka 39 zokha. Galasi lake linafikitsa kuwala kutali kuposa kale, koma kwa ine wamkulu ndi Norberg. Fresnel anakuza mawu a nyali. Norberg ndiye anaiphunzitsa kulankhula. Amene anabwera pambuyo anangowongola. M'zaka za m'ma 1890 akatswiri a ku France anayamba kuyandamitsa magalasi olemerawo pa mekyule kuti azizungulira mopepuka, ndipo Gustaf Dalén wa ku Sweden analandira mphoto ya Nobel mu 1912 chifukwa cha nyali za gasi zoyaka ndi kuzima zokha popanda mlonda.

Pali malo amodzi pamene kawerengedweka kamasuntha, ndipo ndi pamene mtundawo ukusintha. Mu 1676 Ole Rømer, ali ku Paris, anaona kuti mwezi wa Jupiter wotchedwa Io umabisika msanga dziko lathu likamayandikira Jupiter, ndipo umachedwa likamatalikira. Ndi mmene anthu anadziwira kuti kuwala kumatenga nthawi poyenda. Koma liwiro la bwato la injini n'laling'ono kwambiri moti palibe wotchi ya msodzi imene ingaone kusiyanako. Umboni wina wakuti kutalika kwa mtunda sikusintha masekondiwo unachokera kumwamba mu 1967, pamene Jocelyn Bell wa ku Cambridge anatulukira nyenyezi yozungulira ngati nyali yapadoko, yogunda pa sekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zizindikiro zake zimayenda zaka mazanamazana zisanatifike, komabe zimafika zili pamzere wake.

Tibwerere kwathu. Nyanja yathu yakhala ndi sitima kuyambira 1875, pamene Ilala yoyamba inalowa m'madzi ake. Ilala imene tikuidziwa lero inayamba ntchito mu 1951, ndipo ku Chipoka njanji imakumana ndi doko. Koma ambiri oyenda panyanjayi usiku ndi asodzi a chilimira, amene amachoka ku Senga Bay, ku Lifuwu kapena ku Chikombe polowera ku chilumba cha Mbenji. Mwera ukawakuntha pakati pa usiku, amayang'ana kumtunda n'kuona magetsi a mahotela, a sola a m'nyumba ndi matochi, onse osaphethira, ngati moto wa ku Alexandria uja. Lero nyali ya sola yong'anima mwa kawerengedwe kake siifuna nsanja ya mamita 100 kapena mlonda wokweza chitsulo. Mlongoti wautali ndi batire n'zokwanira. Ndikupempha makomiti a m'madoko, mafumu a m'mbali mwa nyanja ndi khonsolo ya Salima kuti doko lililonse likhale ndi nyali yakeyake, ya masekondi akeake odziwika kwa msodzi aliyense. Amene ali pafupi ndi amene wakankhidwira kutali ndi mphepo adzawerenga mofanana, ndipo onse adzadziwa kolowera kwawo.