Mbawa: kubzala, kusamalira ndi nchito zake

Mbawa ndi umodzi mwa mitengo ikuluikulu ya kuno kwathu. Pa Cipwitikizi amati umbaua, ndipo a sayansi amaucha Khaya anthotheca. Ndi wa banja limodzi ndi mtengo wa ku America umene amati mogno kapena mahogany, komanso ndi nimu amene mumaona m'midzi. Umakonda m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango zacinyontho. Mukaupeza pamalo abwino, umatalika mamita 40 kapena kuposa. Ku Zimbabwe, m'nkhalango ya Chirinda pafupi ndi malire a Mozambique, kuli mbawa wina wotalika pafupifupi mamita 65.

Mungauzindikire bwanji?

Thunthu lake limakwera mowongoka, nthambi zimayambira m'mwamba. Masamba ndi obiriwira ndi onyezimira, koma akamaphuka kumene amakhala ofiirira. Maluwa ndi ang'onoang'ono, oyera, onunkhira. Cipatso ndi cozungulira, colimba ngati thabwa. Cikauma cimasweka mbali zinayi kapena zisanu, mbewu zopyapyala zokhala ndi timapiko n'kumauluka ndi mphepo.

Nchito zake

Matabwa a mbawa ndi ofiira, osalemera kwambiri, ndipo savuta kupala. Akalipentala amapangira zitseko, mazenera, mipando, matebulo ndi makabati. Cifukwa thunthu lake ndi lalikulu, anthu akhala akusema mabwato kuyambira kalekale. Umaperekanso mthunzi pabwalo la sukulu kapena m'mbali mwa msewu, ndipo mizu yake imagwira dothi kuti mtsinje usagumule gombe.

Khungwa lake ndi lowawa. Makolo ankaliwiritsa kumwera cimfine ndi kutentha thupi. Koma tamverani: mwana akatentha thupi, pitani naye kucipatala akamuyeze malungo, musadalire khungwa. Ndiponso musasende khungwa kuzungulira thunthu lonse, mtengo umafa.

Cifukwa cace tiyenera kubzala

Mbawa zazikulu zikucepa. Zadulidwa zambiri, pomwe zobzalidwa ndi zocepa. Mu Novembala 2022, pamsonkhano wa pangano la CITES ku Panama, maiko anagwirizana kuika mitengo ya mtundu wa Khaya ya mu Africa pa ndandanda ya mitengo imene siigulitsidwa kunja popanda cilolezo. Kunonso kudula mbawa kuti mugulitse kumafuna cilolezo ca boma. Ndiye amene akubzala lero akusungira ana ake cuma cimene cidzakhala cosowa mawa.

Kutola mbewu

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mbewu ya mbawa siicedwa kufa. Mukaisunga m'nyumba miyezi itatu, yambiri siimera. Conco tolani ndi kufesa nthawi yomweyo, pasapite masabata ambiri.

Zipatso zimakhwima mvula itatha, m'nyengo yozizira mpaka cilimwe. Sankhani mitengo yowongoka ndi yathanzi, ndipo tolani pa mitengo ingapo, osati umodzi wokha. Ngati n'kotheka thyolani zipatso zimene zayamba kung'aluka, muziyanike pamthunzi kuti zitseguke zokha. Mbewu zotola pansi zambiri zimakhala zobooledwa ndi tizilombo. Zoterozo tayani.

Panazale

Nazale, imene ena amati viveiro, ikhale pafupi ndi madzi ndipo muiikire mthunzi wa udzu. Sakanizani dothi lakuda la pamwamba, mcenga pang'ono ndi manyowa owola bwino, muthire m'timatumba ta pulasitiki toboola pansi. Mbewu siifuna kunyikidwa m'madzi kapena kukhulidwa. Ingoikani imodzi m'kathumba, mukwirire ndi dothi locepa, sentimita imodzi kapena ziwiri basi. Thirirani m'mawa ndi madzulo, koma pasakhale matope. Pakapita masabata awiri mpaka anayi muona zikumera.

Muzisuntha timatumba nthawi ndi nthawi kuti mizu isalowe pansi. Kukatsala mwezi umodzi kuti mukabzale, cepetsani mthunzi ndi madzi kuti mbande zizolowere dzuwa. Mbande ikafika masentimita 30, yakwana.

Kubzala kumunda

Bzalani mvula itakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Malo abwino ndi a dothi lakuya, losunga cinyontho koma losadikha madzi. Paphiri la miyala mbawa imapinimbira. Musabzale pafupi ndi nyumba kapena citsime, pakuti mtengowu umakula kwambiri ndipo mizu yake imayenda patali.

Kumbani dzenje masentimita 40 m'lifupi ndi 40 kuya kwake, mubwezeremo dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa. Ng'ambani kathumba mosamala, dothi lisagumuke kumizu. Pakati pa mtengo ndi mtengo siyani mamita asanu kapena kuposa. Zaka zoyamba mukhoza kulima cimanga, nyemba kapena nandolo pakatipo. Popalira mbewuzo ndiye kuti mwapalira ndi mitengo yomwe.

Tetezani nsonga

Akulu amati m'mera m'poyamba. Mtengo wa mbawa umagulidwa cifukwa ca thunthu limodzi lalitali lowongoka, ndipo thunthulo limacokera kunsonga. Nsonga ikaonongeka mtengo ukadali waung'ono, umacita mphanda, matabwa aatali osatulukanso.

Mdani wamkulu ndi mbozi ya kagulugufe kena kouluka usiku, kochedwa Hypsipyla robusta. Imaboola nsonga yanthete n'kumadya m'kati. Mudzaona nsonga ikufota, ndi timautuci tomatirira pamene yalowera. Mukaona zimenezi, dulani ndi mpeni wakuthwa m'munsi mwa pamene paonongeka, cidutsaco mutenthe. Pakaphuka mphukira zingapo, siyani imodzi yamphamvu yolunjika kumwamba, zinazo cotsani. Mbozi imavuta kwambiri mbawa zikabzalidwa zokhazokha padzuwa. Mukazisakaniza ndi mitengo ina yopereka mthunzi pang'ono m'mbali, vuto limacepa ndipo mtengo umathamangira kumwamba.

Adani ena mukuwadziwa kale. Mbuzi zimabudula nsonga, ndiye chingani mtengo uliwonse ndi minga kapena nsungwi. Moto wa m'chire umapha mitengo yaing'ono, ndiye lambulani udzu mozungulira cilimwe cisanafike. M'cilimwe coyamba ndi caciwiri thirirani kamodzi pa sabata ngati nthaka yauma, ndipo phimbirani ndi udzu, koma udzuwo usakhudze thunthu cifukwa umaitana ciswe. Nthambi za m'munsi muzidulira pang'onopang'ono caka ndi caka, osati zonse tsiku limodzi.

Mudzadikira nthawi yaitali bwanji?

Mbawa si bulugamu. Kuti ipereke matabwa abwino pamapita zaka 30 kapena kuposa. Mwina mukuti, “Nanga ine ndidzadyapo ciani?” Mthunzi ndi kutetezeka kwa gombe mudzazionera nokha, matabwa adzakhala a ana ndi adzukulu. Nchito yolemetsa ndi ya zaka zisanu zoyamba zokha. Mtengo ukapitirira pamene mbuzi ndi mbozi zimafika, umadzikulira wokha. Yambani ndi mitengo khumi caka cino, ndipo muuze a m'banja ndi a mfumu kuti ndi ya yani, kuti pasadzakhale mkangano mtsogolo.