Madzi oundana pa chitsulo: mphamvu yake ndi kuopsa kwake

Rosslyn ndi dera la mafakitale lomwe lili chakumpoto kwa mzinda wa Pretoria m'dziko la South Africa. Kumeneko kuli fakitale ya galimoto ya BMW komanso yofulula mowa ya South African Breweries. M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira kwambiri, moti m'mawa wina chisanu chimayeretsa malata ndi galimoto zogona panja. Koma madzi oundana ovuta kwambiri ndi amene amamatirira pa mapaipi a m'zipinda zoziziritsira katundu ndi m'mafiriji, chaka chonse.

Chitsulo chimaoneka chosalala, komabe chili ndi timing'alu tosaoneka ndi maso. Madzi amalowa m'timing'aluto, ndipo akamaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, n'kudzikhomerera ngati mphero pa mpini. Kuwonjezera apo, khungu lopyapyala lomwe mpweya umapanga pamwamba pa chitsulo limakoka madzi. Chitsulo chimachotsanso kutentha msanga, n'chifukwa chake chala chonyowa chimamatirira pompo chikakhudza chitsulo chozizira kwambiri.

Akatswiri akayeza amapeza kuti pa aluminiyamu kapena chitsulo chosapaka kanthu, kachigawo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi kamafuna mphamvu yofanana ndi makilogalamu angapo kuti madzi oundana akanganuke. Malo aakulu ngati chikhatho angafune makilogalamu mazana. Nthawi zambiri madzi oundanawo amayamba kusweka okha asanasiyane ndi chitsulocho.

Zotsatira zake zimakhala zoopsa. Pa 13 January 1982, ndege ya Air Florida inagwera mumtsinje wa Potomac ku Washington itanyamuka ndi madzi oundana pamapiko, ndipo anthu 78 anafa. Mu January 1998, mvula youndana inagwetsa nsanja zachitsulo za magetsi pafupifupi 1,000 m'chigawo cha Quebec ku Canada.

Njira yodalirika yochotsera madzi oundana ndi kutentha, osati kugogoda. Pakangosungunuka pang'ono pomwe akhudzana ndi chitsulo, chibumacho chimatsetsereka chokha. Pa chifukwachi, makina a m'zipinda zoziziritsira amadzitenthetsa nthawi ndi nthawi. Kunyumba, kupala firiji ndi mpeni kungathe kuboola paipi ya gasi n'kupha firijiyo. Chofunika ndi kuizimitsa, kuikamo mbale ya madzi ofunda, n'kudikira.