Kuwala ndi Kutentha m'Thanki ya Achule Oweta

Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene amaweta achule m'nyumba, m'mathanki agalasi, ngati ziweto zosangalatsa maso. Mtundu umodzi wofala pa ntchitoyi ndi Bombina orientalis, chule wobiriwira pamsana koma wofiira kumimba, amene kwawo ndi ku Korea, kumpoto chakum'mawa kwa China ndi kum'mawa kwa Russia. George Albert Boulenger ndiye adamupatsa dzina lasayansi m'chaka cha 1890. Ndi wamng'ono, wa masentimita 4 kapena 5, ndipo awiri kapena atatu amakwana m'thanki ya malita 40.

Thupi la chule silipanga kutentha palokha, limangotengera malo amene ali. Achulewa adazolowera dziko lozizira, ndiye masana amafuna madigiri 18 mpaka 24, usiku n'kutsikira cha pa 16. Kuzizira pang'ono kumangowachititsa ulesi. Choopsa ndi kutentha. Kukapitirira madigiri 28 kwa masiku angapo, chule amafooka, amasiya kudya, ndipo akhoza kufa. Khungu lake ndi lopyapyala, amamwera madzi pomwepo ndiponso kupumirapo, choncho mpweya wotentha umamuumitsa msanga.

Apa ndi pamene thanki yaing'ono imavutira. Madzi ndi mpweya zikachepa zimatentha mofulumira, ndipo chule alibe kothawira monga achitira kudambo, kumene amalowa m'matope. Thanki yoikidwa pazenera pomwe dzuwa limawomba imatentha m'kanthawi kochepa ngakhale chipindacho chili chozizira. Mababu otenthetsa amene ogulitsa amapereka kwa oweta abuluzi sayenera achulewa, ngakhale ambiri amawagula poganiza kuti zokwawa zonse n'zimodzi. M'nyengo yotentha oweta amasunthira thanki kuchipinda chozizira, kapena amaika botolo la madzi oundana pafupi. Choyezera kutentha chimodzi chizikhala m'madzi, china pamtunda.

Bombina orientalis amayendayenda masana, mosiyana ndi achule ambiri. Amafuna kuwala kwa maola 12 ndi mdima wa maola 12, ndipo babu ya LED imakwanira chifukwa sitentha kwambiri. Usiku magetsi azizimitsidwa ndithu.

Pa nkhani ya kuwala kwa UVB oweta sagwirizana. Kuwala kumeneku kumathandiza thupi kupanga vitamini D3, yemwe amachititsa kuti kashiamu alowe m'mafupa. Akasowa, mafupa amafewa ndipo miyendo imapindika. Ena amangowaza ufa wa kashiamu ndi D3 pa tizilombo timene chule amadya, ndipo achule awo amakhala zaka zoposa 10. Ena amawonjezera babu ya UVB ya mphamvu yochepa, n'kusiya masamba ndi makungwa oti chule abisalemo. Njira yachiwiriyi ndi yanzeru, bola mthunzi ukhalepo. Kuwala kwa UVB sikudutsa galasi wamba, ndiye babuyo iziwalira kudzera pa chivundikiro cha sefa. Mphamvu yake imatha babu ikadali kuyaka, choncho imasinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12.