Nkhondo ya Mitumbira

Munthu woyenda pa basi kuchokera ku Zomba kupita ku Lilongwe mwezi wa Okutobala amaona minda yaundidwa kale m'mizere yopingasa, ndipo angayese kuti makolo athu ankalima chomwechi chiyambire. Iyayi. M'madera ambiri agogo athu ankaunda matutu, kwina ankangobzala pansi posaunda. Mizere yopingasayi inafala m'dziko muno ndi chindapusa ndi ndende.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 akuluakulu a zaulimi m'boma la Nyasaland ankadandaula kuti nthaka ikukokoloka. Mu 1946 boma linakhazikitsa lamulo losamalira zachilengedwe. Itagwa njala ya 1949, Bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi anthu ake, makamaka Richard Kettlewell amene anadzakhala mkulu wa zaulimi, anaona kuti nthaŵi yonyengerera yatha. Mlimi analamulidwa kuunda mizere yopingasa, kukumba migula, ndi kutsiriza kusosa lisanafike tsiku loikidwa ndi boma. Wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo ena mbewu zawo zinazulidwa. Anthu anatcha zonsezi malimidwe, dzina limene linasanduka ngati temberero.

Tinene zoona, nzeru yake sinali yopusa. Pa mtsetse madzi a mvula amathamanga, natenga nthaka yachonde kupita nayo kumtsinje. Mzere wopingasa umaŵaimitsa. Ukatseka khwaŵa la pakati pa mizere ndi timigula, madziwo amadikha m'mabokosi ndi kuloŵa pansi pang'onopang'ono, kotero kuti chimanga chimapirira ng'amba ya masabata aŵiri pamene cha mnansi chafota. Kumapiri a Dedza kapena Ntcheu palibe angatsutse zimenezi.

Vuto linali lakuti lamulo silinkayang'ana malo. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Port Herald (Nsanje ya lero), dziko ndi lathyathyathya, mvula ndi yochepa, dzuŵa ndi loŵaula. Amang'anja ndi Asena ankabzala mapira, mchewere ndi thonje pansi posaunda, chifukwa ankadziŵa kuti dothi lamchenga ukalikweza limauma msanga ndipo mizu imapsa. Tsono munthu woti akudziŵa zimenezi ankauzidwa kuti agwire khasu m'chilimwe, nthaka ili gwa, aunde mitumbira imene iumitse munda wake womwe! Anakana. Ambiri ankakhulupiriranso kuti Mbona wa ku Khulubvi, mwini mvula, sakondwera nayo mitumbirayo. Mfumu Molin Tengani, imene inaima ndi boma, inadedwa nazo kwambiri. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala anasunga m'buku lake la 1990 dzina limene anthu akuchigwa anapatsa kulimbanako: Nkhondo ya Mitumbira.

Mu 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, zipolowe zinabuka ku Thyolo ndi kufalikira m'maboma ena akumwera, ndipo anthu anaphedwa. Kumudzi chitaganya chinali nkhani yapatali, koma kapitawo wa malimidwe ankafika pamunda penipeni ndi chingwe chake. A Congress anazindikira zimenezi msanga, ndipo ndikuganiza kuti mitumbira inaŵakokera anthu ambiri kuposa zolankhula za m'tauni. Ngakhale bungwe la Devlin, lofufuza zipolowe za 1959, linavomereza kuti malamulo a zaulimiŵa ankadedwa m'midzi. Dr. Banda atakhala nduna ya zachilengedwe mu 1961, kumanga anthu chifukwa cha malimidwe kunaleka.

Mizere yokha sinathe. Boma la ufulu linapitiriza kuilimbikitsa kudzera mwa alangizi, ndipo kumtunda inazika mizu mpaka ife tinabadwa tikuiyesa mwambo wa makolo. Masiku ano alangizi ena akuphunzitsa mtayakhasu: mlimi asaundenso mizere chaka ndi chaka, aphimbire nthaka ndi mapesi, akumbe maenje osunga madzi ndi manyowa. Alimi ambiri akumtunda akukayika kusiya mizere yawo.