Khansa ya m'kati mwa cibelekelo: kupima magazi pambuyo pa opaleshoni

Khansa imeneyi imayambila pa khungu la m'kati mwa cibelekelo, ndipo imagwila kwambili amayi amene analeka kusamba. Ndi yosiyana ndi khansa ya khomo la cibelekelo. Kupima kwa VIA kumene tinazolowela ku kiliniki sikuipeza.

Cibelekelo cikacotsedwa, madokotala amafunika kusankha ngati mayi alandile chemotherapy kapena radiotherapy. Mankhwalawa amafooketsa thupi, ndipo kwa ife kuno amatanthauza ulendo wopita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, makilomita oposa 500.

Cotupa cimataya tizidutswa twa DNA yake m'magazi, tochedwa ctDNA. Tikapezekabe pambuyo pa opaleshoni, mpata woti matenda abwelele umakhala waukulu. Mu 2022, kafukufuku wa DYNAMIC wa ku Australia pa khansa ya m'matumbo anaonetsa kuti kupimaku kunacepetsa olandila chemotherapy, koma matenda sanabwelele kwambili. Pa khansa ya cibelekelo akali kufufuza, conco tisaleke mankhwala amene adokotala atipatsa.

Amayi athu, magazi akatuluka mutaleka kale kusamba, ngakhale kadontho, pitani ku cipatala ca Mwami kapena Chipata Central sabata lomwelo.