Git ndi mlendo wosadziwa njira

Tandiuzani, mu foni kapena kompyuta yanu muli mafayilo angati a nkhani imodzimodziyo? Ina munaitcha "yomaliza", ina "yomaliza yeniyeni", ina "yomaliza basi". Ndiye mkonzi akati bwezeretsani ndime munachotsa mwezi watha ija, thukuta limayamba. Vuto limeneli anzathu olemba mapulogalamu a kompyuta analipezera mankhwala, ndipo chida chawo chotchuka ndi Git. Mbiri yake ikutikhudza ife alembi, chifukwa chidachi chinapangidwa m'masiku owerengeka, koma kuchifotokoza kwa munthu wongoyamba kumene kwatenga zaka.

Nkhani yake ili motere. Linus Torvalds wa ku Finland anayamba pulogalamu ya Linux mu 1991, ndipo anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana ankamutumizira zosintha. Kuyambira 2002 ankasunga ntchitoyo ndi BitKeeper, chida cha kampani ina chomwe ankaloledwa kugwiritsa ntchito ulere. Mu Epulo 2005 chilolezocho chinatha atasemphana maganizo. Torvalds sanachedwe: anayamba kulemba chida chakechake mwezi womwewo, ndipo pasanathe sabata chinali chitayamba kugwira ntchito. Mu Julayi chaka chomwecho anachisiya m'manja mwa Junio Hamano wa ku Japan.

Kodi Git imatani? Nthawi iliyonse mukasunga, imakumbukira mmene ntchito yonse inalili, yemwe wasintha, tsiku lake ndi chifukwa chake. Mutha kubwerera pomwe munali dzana. Anthu khumi atha kulemba chinthu chimodzi, aliyense kwawo, kenako n'kuphatikiza. Chokoma china n'chakuti aliyense amakhala ndi mbiri yonse pa kompyuta yake, choncho intaneti imafunika pokhapokha potumiza kapena polandira.

Koma vuto linali apa. Git inapangidwa ndi akatswiri, ndipo malangizo ake analembedwa ngati kuti wowerengayo ndi katswiri mnzawo. Malo amodzi omwe mumaikapo zosintha musanazisunge anali ndi mayina atatu a Chingerezi: index, cache ndi staging area. Lamulo limodzi, checkout, linkagwira ntchito ziwiri zosiyana: kukusamutsirani ku nthambi ina ya ntchito yanu, komanso kubwezeretsa fayilo mwakale, zomwe zimatha kufufuta zimene mwalemba lero osakuchenjezani. Wongoyamba akatsegula malangizo kuti amve liwu limodzi, ankapeza lafotokozedwa ndi mawu ena atatu achilendo.

Zili ngati kufunsa njira ya ku Chikweo kwa munthu wobadwira komweko. Akuuzani kuti mukadutsa pa Ntaja mukakhote pamene panali chigayo chija. Sananame ayi, eti? Koma inu wochokera ku Karonga chigayocho simunachionepo.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono, ndipo anazisintha ndi anthu amene anakumbukira mlendo. Mu 2008 kunabwera GitHub, malo a pa intaneti pomwe munthu amaona ntchito yake ndi maso m'malo mongoloweza malamulo. Mu 2009 Scott Chacon anatulutsa buku la Pro Git, lomwe limayamba n'kufotokoza vuto lenilenilo lisanafike pa malamulo, ndipo lili ndi zithunzi. Limawerengedwa ulere pa intaneti, ndipo anthu ongodzipereka alimasulira m'zinenero zambiri. Kenako mu Ogasiti 2019, patatha zaka 14, eni Git anagawa ntchito za checkout pawiri: switch yosamukira ku nthambi ina, restore yobwezeretsera fayilo. Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Madandaulo a ongoyamba aja anakonza chida cha akatswiri.

Musaganize kuti izi n'zakunja kokha. Kuno kwathu bungwe la Baobab Health, lomwe anayambitsa Gerry Douglas, linaika makompyuta okhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, ndipo mu 2006 linayesa pulogalamu yosungira mbiri ya odwala olandira ma ARV pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Nzeru yawo inali yomweyi: wachipatala amene sanagwirepo kompyuta afunsidwe funso limodzi panthawi imodzi, ayankhe ndi chala. Mapulogalamuwo ankalembedwa ndi achinyamata a ku Malawi, ndipo anaikidwa poyera pa GitHub.

Tsono taganizirani mtsikana wa ku Chikweo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, amene walemba Folomu 4 ndipo akufuna kuphunzira ntchito imeneyi. Netiweki ikavuta, Git imulola kugwirabe ntchito. Ndalama yogulira chidacho sikufunika. Chomutsekereza ndi tsamba loyamba lija: Chingerezi cholimba, pomwe iye kunyumba amalankhula Chiyao, kusukulu anaphunzira Chichewa, ndipo bandulo ikutha akufufuza tanthauzo la liwu limodzi. Akasiya, adzati mutu wake ndi wouma, chonsecho wolakwa ndi wolemba malangizo.

Apa ndiye pathu, abale. Chilolezo cha Pro Git chimalola kumasulira, bola osachita nazo malonda. Pakati pathu alipo odziwa kompyuta, aliponso odziwa kusula Chichewa. Tiyambe ndi tsamba limodzi: liwu limodzi pa chinthu chimodzi, chitsanzo chikhale nkhani yaifupi yomwe yalembedwa katatu. Tikamaliza tikapatse munthu amene sanamvepo za Git, ife tikhale chete, tione pomwe waima. Pomwe waimapo ndi pomwe tikalembenso. Amene muli okonzeka, tiyeni tikumane pa liwu loyamba: commit tiitcha chiyani m'Chichewa?